Bawuti ikakana ku Nambuma, tauni ili kutali

Mvula ikamatha kumapeto a Malichi ndi mu Epulo, galimoto za ku Nambuma zimadzuka pamodzi ndi msika. Fodya wauma m'zigafa, mabelo akudindidwa, ndipo aliyense amene ali ndi kalole kapena pikapu yakale akuwerengera maulendo a ku Kanengo. Posakhalitsa soya ndi mtedza nazo zidzafuna zonyamulira kuchoka m'midzi ya kwa Kabudula kupita ku Nsaru, ku Kasiya ndi mumzinda. Ndiyo nthawi imene mwini galimoto amagwada pansi kuti asinthe tayala lakutha, mabuleki olira kapena sipuling'i imene inathyoka m'maenje a mu Febuluwale, n'kupeza kuti ntchito ya theka la ola yaima pa kachitsulo kamodzi. Sipanala yalowa, mkono wakoka, koma bawuti yangoti gwa.

Wokhala ku Kawale kapena ku Mchesi bawuti ikamudukira, amakwera kabaza n'kukafika ku Biwi, kumene magalaja ndi ogulitsa zitsulo zakale ali khomo ndi khomo, ndipo dzuwa lisanalowe galimoto yayenda. Ku Nambuma nkhani ndi ina. Malowa ali kumalire a Lilongwe ndi Dowa, ndipo anakula mozungulira mishoni ya Akatolika imene ansembe a White Fathers anatsegula mu 1928. Msika ulipo, amisiri aluso alipo, owotcherera nawo amagwira ntchito magetsi akayaka. Koma bawuti ikadukira m'kati mwa injini, pamene pamafunika makina obowola mowongoka ndi zida zodulira mazinga atsopano, nthawi zambiri chitsulo chonsecho chimayenera kumasulidwa, kukwezedwa pa galimoto ya wina, n'kupita nacho mumzinda. Apo ndiye kuti masiku apita, ndalama ya mayendedwe yapita, ndipo mabelo amene akanakwera galimoto yanu akwera ya mnzanu.

Eni galimoto ambiri akumidzi anayamba kugwira okha sipanala chifukwa cha mitengo. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo pafupifupi chipangizo chilichonse cha galimoto chimachokera kunja. Munthu amene amadzisinthira yekha oyilo ndi mabuleki amasunga ndalama imene ikanakagula thumba la feteleza, ndipo ine ndimamulemekeza. Chimene chimandiwawa ndi kuona phindu lonselo likutha m'kamphindi kamodzi, pamene wina waika paipi yaitali ku sipanala n'kuikwera ndi miyendo yonse iwiri.

Bawuti ikakana koyamba, musanakoke kachiwiri dzifunseni kuti, "Ikaduka nditani?" Mabawuti si ofanana pa nkhani imeneyi. Pali amene amadutsa m'bowo n'kukamangidwa ndi nati mbali inayo, monga omangira ekizozi, omangira bodi ya lole ndi aja opindika ogwira masipuling'i. Amenewa akaduka palibe maliro: mumagogoda chotsalacho, chituluke, muikepo ina. Nthawi zina kuwadula dala ndi sowo n'kwanzeru kuposa kulimbana nawo tsiku lonse. Koma pali ena amene mazinga ake amalowa m'thupi la injini, m'chitsulo chogwira mabuleki kapena mu giyabokosi. Amenewa akaduka amasiya chigawo m'kati mwa chipangizo chodula, ndipo ndi amene amatumiza munthu ku Lilongwe. Pa gulu loyambalo mphamvu imaloledwa. Pa lachiwirili mphamvu ikhale yomalizira, njira zina zonse zitalephera.

Chimene chaigwira

Pakati pa mazinga a bawuti ndi a nati pamakhala kampata kakang'ono kwambiri, kokwanira kuti ziwirizi ziyendane. Madzi ndi mpweya zikalowamo, chitsulo chimasanduka dzimbiri, ndipo dzimbiri limatenga malo ambiri kuposa chitsulo chimene ladya, kawiri kapena kuposerapo. Poti mulibe kothawira, limadzaza kampatako n'kukankha mbali zonse mpaka bawuti ndi nati zakhala chinthu chimodzi. Misewu yadothi imathandizira. Matope a katondo amamatirira pansi pa galimoto, kunja amauma, koma m'kati amasunga chinyezi kwa masabata, pamalo penipeni pamene pali manati a masipuling'i ndi a mabuleki.

Mdani wina amene anthu samuganizira ndi feteleza. Kuyambira Okutobala mpaka Januwale, malole ndi mapikapu a m'derali amanyamula matumba a makilogalamu 50 a Urea, NPK ndi CAN. Thumba likabooka, timibulu timagwera m'ming'alu ya bodi. Fetelezayu amakoka chinyezi kuchokera mumpweya n'kusungunuka, ndipo madzi akewo amadya chitsulo mofulumira kuposa madzi a mvula. Mlimi aliyense amene anasiyapo khasu pafupi ndi thumba lotsegula amadziwa zimenezi. Galimoto imene inanyamula feteleza osatsukidwa imafika mu Epulo mabawuti a kumbuyo atafufuma ndi dzimbiri.

Dzimbiri lina limabwera ndi galimotoyo kuchokera kwawo. Ma Probox, ma Sienta ndi ma Hiace amene adzaza misewu yathu ndi akale a ku Japan, kumene galimoto yatsopano ya banja imayesedwa ndi boma ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, pa mtengo wokwera moti ambiri amasankha kuigulitsa. Zambiri zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Zochokera kumpoto kwa dzikolo, monga ku Hokkaido, zinayenda zaka zambiri pa misewu yothiridwa mchere wosungunulira chipale chofewa. Penti yake imawala, mipando yake ndi yoyera, koma wogula akasuzumira pansi amapeza manati ofiira.

Pali kugwirana kwa mtundu winanso, kumene kulibe kufiira konse. Injini zambiri za masiku ano, kuphatikizapo za njinga zamoto za kabaza, zili ndi zigawo za aluminiyamu zomangidwa ndi mabawuti achitsulo. Zitsulo ziwiri zosiyanazi zikakhudzana pali chinyezi, aluminiyamu ndi amene amadyeka, n'kusiya ufa woyera umene umamata bawuti molimba kwambiri. Zimafulumira kwa amene amathira madzi a pamjigo okhaokha mu ladiyeta. N'chifukwa chake timabawuti ta pampu ya madzi ndi tamene timaduka kawirikawiri, ngakhale tikuoneka toyera bwinobwino kunja.

Ndipo tisaiwale kuti mabawuti ambiri amene timati agwira dzimbiri anangomangidwa mopyola muyeso. Pa galimoto zing'onozing'ono zambiri za Toyota, nati ya tayala imafuna kumangidwa pa manyutoni-mita 103. Pa sipanala yotalika masentimita 30, imeneyi ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 35 basi. Munthu wolemera makilogalamu 70 akaima kumapeto a paipi yotalika mita imodzi amapereka pafupifupi 690, kuposa kasanu ndi kamodzi mlingo wofunikawo. Amatero ndi mtima wabwino, poopa kuti tayala lingachoke pa msewu. Koma chitsulo chimatanuka, mazinga amapindika, ndipo wodzamasula mawa, mwina usiku pakati pa Nambuma ndi Nsaru, ndi amene adzalipire.

Musanathire thukuta

Choyamba n'kutsimikiza kuti mukupotokolera koyenera. Zikumveka zachibwana, koma manati ambiri a malole athyoka chifukwa cha ichi. Bawuti wamba imamasuka mukaipotokola mobwerera, mosemphana ndi mmene mivi ya wotchi imayendera. Koma pa malole ambiri a ku Japan, monga Mitsubishi Canter, Isuzu Elf ndi Toyota Dyna, manati a matayala a kumanzere ali ndi mazinga otembenuka, ndipo amamasuka motsatira mivi ya wotchi. Kawirikawiri pamakhala chilembo cha L pa nati kapena kunsonga kwa chitsulo chake; palani matope muchione. Okonza njinga zakapalasa pa msika amadziwa bwino zimenezi, chifukwa pedulo ya kumanzere nayo ndi yotero. Dalaivala watsopano amene wazolowera Probox akapatsidwa Canter amatha kumanga nati ndi mphamvu zake zonse akuganiza kuti akuimasula. Chisokonezo china chimabwera mukagona chagada pansi pa galimoto, kapena pamene mutu wa bawuti waloza kutali ndi inu. Imani kaye muyerekeze kuti mwaiyang'ana kumaso.

Chachiwiri ndi sipanala. Galimoto za ku Japan zimayendera manambala 8, 10, 12, 14, 17 ndi 19, ndipo manati a matayala a Toyota nthawi zambiri ndi 21. Za ku Ulaya zimakonda 13, 16 ndi 18. Ma Land Rover akale, ma Bedford ndi mathirakitala akale a Massey Ferguson amayezedwa m'mainchi, ndipo theka la inchi ndi mamilimita 12.7. Sipanala ya 13 imalowa pa mutu wa 12 kapena wa theka la inchi, imaoneka ngati yagwira, koma ikakumana ndi bawuti yokana imaterereka n'kudya ngodya zonse. Shifiting'i imachita chimodzimodzi, chifukwa imagwira mbali ziwiri zokha ndipo kamwa lake limatseguka mukakoka. Pa bawuti yovuta pamafunika sipanala ya ling'i kapena soketi, makamaka ya ngodya zisanu ndi imodzi imene imakumbatira mutu wonse. Ngati mulibe, kabwerekeni. Kuyenda mphindi makumi awiri kukapempha soketi ya 12 kwa mnansi n'kotsika mtengo kuposa chilichonse chimene chidzatsatire mutu ukazungulira.

Palani dzimbiri ndi dothi ndi bulashi ya waya, makamaka pa mazinga amene atulukira kuseri kwa nati, chifukwa nati iyenera kudutsa pamenepo. Kenako thirani mafuta olowerera. M'mashopu a mumzinda anthu amafunsa WD-40, imene inapangidwa ku San Diego mu 1953 kuti iziteteza zitsulo za mizinga ku chinyezi. Imathandiza, koma matsenga ilibe. Ntchito yake ndi kulowa m'timing'alu ta dzimbiri chifukwa ndi yopyapyala, ndipo dizilo kapena palafini wosakaniza ndi oyilo pang'ono amachita zofanana mukamupatsa nthawi. Amakanika ambiri amathira mafuta a mabuleki. Amalowadi bwino, koma amasupula penti pamene adonthera. Ena amalumbirira Coca-Cola. Muli asidi wochepa amene amatha kusungunula dzimbiri la pamwamba ngati chitsulo chanyikidwamo nthawi yaitali, koma m'kati mwa mazinga safika, ndipo amasiya shuga womata. Petulo musamuyandikize konse. Ndipo chilichonse chimene mwathira, chisakhudze mapadi a mabuleki kapena timalabala take.

Mafutawo amafuna maola. Thirani madzulo, kulungani kansanza konyowa ndi mafutawo pa nati, mubwereze musanagone, muyese m'mawa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi mawuwa ndi malangizo enieni. Ndicho chifukwa chake kukonza galimoto m'mawa wa tsiku la ulendo, mabelo ali kale pabwalo, n'kudziika pa msampha: munthu wofulumira alibe usiku woti apatse bawuti.

Hamala imathandiza mafuta. Dzimbiri ndi lolimba koma losachedwa kusweka, ndiye kugogoda kangapo pa mutu wa bawuti, molunjika, kumaliswa m'kati n'kutsegulira mafuta njira. Pa nati, ikani hamala yaikulu mbali imodzi kuti itsamire, mumenye mbali inayo ndi yaing'ono, mukuzungulira mbali zonse. Musamenye pa mazinga. Pa timasikuluwu ta injini ya njinga yamoto pali chida chotsika mtengo chimene wakabaza aliyense akanayenera kukhala nacho, sikuludiraivala yomenya ndi hamala, imene imakanikiza ndi kupotokola nthawi imodzi.

Kumva ndi dzanja

Apa ndi pamene mmisiri amasiyana ndi wongoyesa. Iye sayamba n'kumasula. Amamanga kaye pang'ono, mwina mlingo wa chikhadabo, kuti dzimbiri lisweke, kenako amabweza. Ikasuntha ngakhale pang'ono chabe, sakondwa n'kupitiriza. Amathiranso mafuta, amamanga, amamasula, amamanga, amamasula, ulendo uliwonse akuonjezera pang'ono, mpaka madzi ofiira atayamba kutuluka m'mazinga. Bawuti zambiri zimaduka zitayamba kale kuyenda, chifukwa zinyenyeswa za dzimbiri zimaunjikana kutsogolo kwa mazinga n'kutsekanso njira, ndipo mwini wake poona kuti yayamba amakoka ndi chimwemwe.

Dzanja limamva zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kuzisiyanitsa ndiye luso lonse. Bawuti imene ikumasuka imalira. Imati thee! kamodzi, kapena imakhuluza ikuyenda modukizadukiza, ndipo kulimba kwake kumachepa pang'onopang'ono. Bawuti imene ikuduka imakhala chete. Sipanala imayenda mofewa, mosalala, ngati zinthu zayamba kuyenda bwino, koma mukaisiya imabwerera pang'ono. Chimene chikuchitika n'chakuti mutu ukuzungulira pamene mazinga ali chiimire, ndipo thunthu la bawuti likupotoka. Mukamva kufewa kopanda phokosoko, chotsani dzanja nthawi yomweyo. Ngati kunsonga kwa bawuti kukuoneka mbali inayo, yang'anani ngati nako kukuzungulira. Ngati sikukuoneka, khulupirirani dzanja lanu. Amakanika akale amauza ana awo a ntchito kuti, "Iwe, tamvera chitsulocho, chikukuuza," ndipo mwana amene wathyolapo ziwiri zitatu amayamba kumva.

Nanga paipi? Ili ndi malo ake. Manati a matayala, nati yaikulu ya pakati pa gudumu ndi manati a masipuling'i a lole ndi zitsulo zonenepa zimene zinamangidwa mwamphamvu, ndipo paipi yomveka pa chogwirira cholimba, yokokedwa pang'onopang'ono mosagwedeza, ndiyo njira yake. Koma kabawuti kovala sipanala ya 12 kamamangidwa pa manyutoni-mita pafupifupi 25 okha. Dzanja limodzi pa sipanala wamba limapitirira kale pamenepo. Kuikapo paipi n'kukadula. Pokoka, kokerani kwa inu m'malo mokankha, kuti ikamasuka mwadzidzidzi zala zisakamenye chitsulo. Ngati malo akukakamizani kukankha, kankhani ndi chikhatho chotambasula. Manati a tayala amasulidwe pang'ono galimoto idakali pansi, jeke isanalowe.

Moto

Mafuta ndi hamala zikalephera, chotsatira ndi moto, ndipo palibe njira ina imene imagwira ntchito ngati imeneyi, komanso palibe ina yoopsa ngati imeneyi. Chitsulo chikatentha chimafufuma pang'ono: chotalika masentimita 10 chikakwera ndi madigiri 100 chimaonjezera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. N'zochepa, koma zimakwanira kuswa dzimbiri. Chofunika kutenthetsa ndi nati, kapena chitsulo chimene chazungulira bawuti, kuti bowo likule bawutiyo isanatenthe nayo. Wowotcherera wa gasi amaloza lawi pa mbali imodzi ya nati mofulumira, n'kuikapo sipanala idakali yotentha. Chipangizo chimene chachoka kale pa galimoto, ngati chilibe labala kapena mafuta m'kati, chikhoza kuikidwa pa mbaula ya makala. Ena akachotsa pamoto amakhudzitsa kandulo pa mazinga kuti phula lisungunukire m'kati.

Aluminiyamu amafufuma pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, choncho safuna moto wambiri. Nthawi zina ketulo ya madzi owira, yothiridwa pang'onopang'ono mozungulira bawuti, imakwanira. Ndipo ayenera kusamalidwa, chifukwa amasungunuka pa madigiri 660 osayamba wafiira. Chitsulo chimachenjeza ndi mtundu wake. Aluminiyamu amangogwa mwadzidzidzi, bowo n'kutsala.

Ngozi za moto kuno kwathu zili ndi nkhope yakeyake. Chifukwa cha kusowa kwa mafuta kumene kwakhala kukubwerezabwereza kuyambira 2022, madalaivala ambiri akumidzi amasunga petulo m'zigubu, m'galimoto momwemo kapena pakhonde. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya. Imayenda pansi mosaoneka n'kukapeza lawi patali. Zigubu zichoke, ndipo galimoto ikankhidwire pa bwalo losesa, kutali ndi udzu wouma, nkhokwe ndi zigafa za fodya. Pafupi pakhale ndowa ya mchenga. Lawi lisayandikire thanki, mapaipi a mafuta, mapaipi a mabuleki, mawaya, kapena mashoko, amene ali ndi mafuta ndi mpweya wopanikizidwa m'kati. Malo amene munathira palafini apukutidwe kaye. Ndipo pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha ndi mtima wonse: musatenthe nati kapena kuwotcherera pa limu tayala lili pomwepo. Kutentha kumadutsa m'chitsulo n'kukafika pa labala, mpweya m'kati umakwera, ndipo tayala limatha kuphulika ngakhale patapita mphindi zingapo moto utazimitsidwa, anthu atayandikira kale.

Bawuti imene yatenthedwa mpaka kufiira yataya kulimba kumene inapatsidwa ku fakitale. Ngati inali ya chiwongolero, ya mabuleki kapena yogwira miyendo ya galimoto, isabwererenso. Sienta yodzaza anthu opita ku msika isayende pa bawuti yophikidwa.

Ikazungulira mutu, ikaduka

Mutu ukadyeka, pali zoyesa. Soketi yochepa ndi nambala imodzi ikhoza kukhomeredwa ndi hamala kuti ilume. Mutha kupala mbali ziwiri ndi fayilo kuti sipanala yaing'ono igwire, kapena kugwira ndi pulayazi yokhoma kapena bobojani. Nati yokanitsitsa imadulidwa ndi sowo cham'mbali, motsatira bawuti koma osafika pa mazinga, kenako imang'ambidwa ndi tchizulo. Nati imafa, bawuti imapulumuka.

Ikadukira pafupi ndi pakamwa pa bowo, njira yabwino ndi imene owotcherera a m'misika yathu amaidziwa kale. Amaika washala pa chotsalacho n'kuwotcherera, pamwamba pake amaikapo nati n'kudzaza m'kati mwake. Kutentha kwa kuwotchererako kumaswa dzimbiri, ndipo nati yatsopanoyo imapereka pogwira. Ikazizira pang'ono amaigwedeza uku ndi uku mpaka itatuluka. Imagwira bwino ntchito ngakhale pa bawuti yodukira mu aluminiyamu, chifukwa ndodo yowotcherera chitsulo simata pa aluminiyamu. Batire lichotsedwe kaye, ndipo waya wa pansi wa makinawo amangidwe pafupi ndi pamene akuwotcherera, kuti magetsi asayende m'mabeling'i ndi m'kabokosi ka kompyuta ya galimoto.

Chimene sindilangiza munthu wongoyamba ndi kubowola yekha. Dirilo ya m'manja imathawa chitsulo cholimba cha bawuti n'kulowera mu aluminiyamu wofewa wa m'mbali. Tizida tochotsera mabawuti oduka, timene timakhomeredwa m'bowo n'kupotokoledwa mobwerera, ndi tolimba kwambiri koma tosachedwa kuthyoka, ndipo kakathyokera m'kati palibe dirilo wamba imene ingakaboole. Pofika apa ndi bwino kusiya n'kukaitana mmisiri, ndipo mukamuitana muuzeni zoona. "Amisiri, ndinathira dizilo dzulo, ndinayesa ndi paipi, ndinamva ikufewa." Mawu amenewa amamuuza kuti bawuti yapotoka kale, ndipo ayamba ndi moto m'malo moimaliza ndi sipanala yake n'kusenza mlandu wa wina. Ambiri mwa amisiriwa sanapite ku Lilongwe Technical College. Anaphunzirira pansi pa mtengo, kwa mmisiri mnzawo, ndipo ngakhale TEVETA yakhala ikuyesetsa kuyambira 1999 kufikira anthu otere, ochuluka alibe pepala lililonse. Kupanda pepalako kusakhale chifukwa chowalipira ngati aganyu. Munthu amene wakuchotserani bawuti m'mutu wa injini popanda kuumasula wakupulumutsirani ndalama zambiri kuposa zimene akutchula.

Zonsezi zimachitika munthu ali pansi pa galimoto kapena pambali pake akukoka mwamphamvu, ndipo kukokako kumagwedeza galimoto yonse. Jeke ntchito yake ndi kukweza basi. Pa dothi lofewa imapendekeka, ndipo njerwa, zimene zimapezeka pakhomo lililonse, zimasweka mosachenjeza. Ikani zipika zonenepa zodulidwa mosalala pansi pa chitsulo cha chasisi, thabwa lolimba pansi pa jeke, miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala otsala, ndipo tayala limene mwachotsa mulilowetse pansi pa galimoto. Ana amakonda kuonerera ntchito imeneyi atakhala pafupi, atalikitseni.

Pogula ina, pomanganso

Popita kukagula bawuti yatsopano, tengani yakaleyo m'thumba, ngakhale ili zidutswa ziwiri. Kunenepa kofanana sikutanthauza mazinga ofanana. Bawuti ya mamilimita 10 ya galimoto ya ku Japan nthawi zambiri mazinga ake amatalikirana ndi 1.25, pamene ya mu hadiweya yomangira mageti amatalikirana ndi 1.5. Manati a matayala a Toyota ndi a Nissan onse ndi a mamilimita 12, koma a Toyota ndi 1.5, a Nissan ndi 1.25. Yolakwika imalowa kawiri kapena katatu n'kulimba, ndipo woikakamiza ndi sipanala amawononga bowo limene anavutika tsiku lonse kulipulumutsa. Gundanitsani mazinga a yakale ndi a yatsopano muone ngati akulowana popanda mpata. Yang'ananinso pa mutu. Manambala ngati 8.8 kapena 10.9 amanena kulimba kwake, ndipo a ku Japan ena amangolemba nambala imodzi monga 7. Bawuti yopanda chizindikiro chilichonse ikamangire ngolo, isapite pa mabuleki.

Pomanga, yambani ndi zala. Bawuti yoyenera, m'bowo loyera, imalowa yokha maulendo angapo sipanala isanafunike. Pa mabawuti a pansi amene amasamba matope, ndi pa amene amalowa mu aluminiyamu, pakani girizi pang'ono, ndipo kumbukirani kuti bawuti yopakidwa imalimba ndi mphamvu yochepa kuposa youma. Pa ekizozi girizi wamba amapsa. Pamafunika uja wa mtundu wa kopa wopirira moto. Manati a matayala a galimoto zing'onozing'ono amafuna mazinga oyera ndi ouma, kumangidwa modumphitsa, ina apa ina kutsidya kwake, ndi sipanala ya galimotoyo popanda paipi, kenako kuyesedwanso mukayenda makilomita 50 kapena 100. Bodi itsukidwe tsiku lomwelo limene yatsitsa feteleza, madzi afike m'makona ndi pansi pa mphasa ya labala, ndipo mvula ikatha matope a pansi achotsedwe onse, makamaka pamwamba pa masipuling'i ndi kuseri kwa matayala kumene maso safika.